Nsapato Zakumanzere Zili Kuholo

"Iwe Chidendene, unanditsekera mwana m'holo ngati mbuzi."

Mawuwo anafika pakhonde la sitolo ya zitsulo mwini mawuwo akadali kutsidya kwa msewu. Linali Lolemba m'mawa. Chidendene, mtsikana wosoka nsapato pakhondepo, anali atangoyala zida zake pakatebulo: nyundo, kachitini ka guluu, ulusi wakuda ndi wofiirira, ndi singano zitatu zobaya pakansalu. Amene ankawoloka msewuwo anali mayi a kusaluni, thaulo lili paphewa, chipeso chili chiimire m'tsitsi, akuponda ngati nthaka yawalakwira.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Za kudzuka kwangazo zisiye. Mwana wa zaka zisanu, yekhayekha, chitseko chokhoma ndi loko. Akanakomoka? Kukanabuka moto?"

Chidendene anali atakonza pepani wake tsiku lonse la dzulo lake. Anamuyeserera akuchapa, anamuyeserera akusita, mpaka anasalala bwinobwino. Anaimirira n'kuika manja pamodzi.

"Ndinalakwa, mayi, ndipo ndikufuna..."

"Kulakwa kokha? Vuto lake inu osabereka simudziwa kuti mwana amawawa bwanji."

Pepani anathera pomwepo. Chidendene anali wa mtima wapachala, msewu wonse unkadziwa, ndipo mawu amenewa anaponda pachalapo.

"Mayi, ana makumi anayi, maso awiri okha awa. Loweruka lililonse mumadzawatula pakhomo la holo ngati zovala za kochapitsa, osasuzumira n'komwe kuti mkatimo muli munthu kapena mulibe. Miyezi isanu ndi itatu tsopano. Inuyo oberekanu munalowamo kangati?"

"Ine Loweruka ndimakhala ndi makasitomala."

"Nanga ine? Loweruka nsapato sizing'ambika?"

Wometa, amene mpando ndi galasi lake zinali kumapeto kwa khonde lomwelo, anazimitsa makina kuti amve bwino, kasitomala ali ndwii ndi mutu wometedwa mbali imodzi.

"Zimenezo ukawafotokozere a Tcheya a komiti ya holo," anatero mayiwo. "Ndawauza kale." Anatembenuka, thaulo likuuluka kumbuyo.

Wometa anadikira kuti awoloke kaye.

"Asisi, pepani wanu uja wafika pati? Ndinamumva akunyamuka, koma sindinamuone akufika."

"Metani mutu uwo, achimwene, munthu angapite kuntchito ali choncho."

Gulu la analo silinayambe ngati gulu. Linayamba ndi ana asanu omwe ankati akaweruka kusukulu n'kudzaunjikana pakhondepo, kuonerera singano ikulowa ndi kutuluka m'chikopa. Chidendene sukulu anaisiyira panjira koma kuwerenga sanakusiye, ndiye ankawawerengera nyuzipepala zakale zokulungira nsapato, akusinthasintha mawu: apa wapolisi, apa woweruza, apa mayi wobedwa nkhuku. Asanuwo anaitana anzawo. Mwini sitolo atadandaula kuti makasitomala ake akupunthwa pa ana, Chidendene anakapempha kachipinda ka kuholo ya m'deralo, Loweruka lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 4. Poyamba anali ndi omuthandiza awiri. Wina anapeza ntchito kutali. Wina anakwatiwa, n'kuyamba kumva mutu Loweruka lokhalokha. Ana okha ndiwo sanadwale, anangochulukirachulukira.

Ankaimba, ankawerenga mabuku othothoka zikuto a m'bokosi limodzi, ankachita masewero momwe aliyense ankafuna kukhala wapolisi, wakuba n'kusowa. Chovuta chinali chimbudzi, chomwe chinali kuseri kwa bwalo. Kamwana kamodzi kakati, "Anti, ndikufuna kukodza," Chidendene sakanasiya enawo okha. Choncho onse ankanyamuka pamzere, aliyense atagwira malaya a mnzake, akulira ngati sitima. Masiku ena sitimayo inkanyamuka kanayi.

Ndiye panali kuwerenga anawo. Mitu ya ana sungaiwerenge. Ukamafika pa khumi, wachitatu uja wathamangira kale kumapeto kuti umuwerengenso. Koma a Makiyi, bambo wosamalira holoyo, ankapaka polishi wofiira pansi Lachisanu lililonse atagwada ndi maondo awo okalambawo, ndipo lamulo lawo linali limodzi: nsapato panja. Ana ankavula n'kundandalika nsapato m'mbali mwa khoma la pakhomo. Nsapato sizithamanga. Komanso Chidendene ankazidziwa zonse, pakuti zambiri zinadutsa m'manja mwake: izi ndinasoka lamba, izi ndinamata soli kawiri, izi zinali za mkulu wake. Poweruka ankaima pakhomo, ana akuvala, ndipo mzere wa nsapato ukatha ankadziwa kuti chipinda chatsala chopanda munthu. Kwa miyezi isanu ndi itatu njirayo sinamunamizepo.

Loweruka lapitalo Katulo, kamwana ka mayi a kusaluni komwe kankagona paliponse pamene tulo takapeza, kanakwawira kuseri kwa mipando younjika n'kugona pa chinsalu chakale cha pawindo. Mlongo wake wa zaka zisanu ndi zinayi ataona tinsapato take tapulasitiki tili pakhoma, anaganiza kuti wathamangira kunyumba wopanda nsapato monga mwa nthawi zonse, n'kutitola. Mzere unatha. Chidendene anakhoma, n'kupita.

A Makiyi anali m'kanyumba kawo akumvera mpira pawailesi pamene anamva ng'oma ikulira m'chipinda chokhoma. Anaima kaye pakhomo kwa kanthawi, akuganiza za mizukwa n'kudzifunsa ngati ntchito imeneyi ndi yofera. Atatsekula anapeza Katulo ali pamwamba pa tebulo, akuimba ng'oma ya gulu imene ana okulirapo ankamulanda nthawi zonse. Sanalire ngakhale pang'ono. Anangoti, "Tsekaninso, sindinamalize."

Nkhaniyo msewu wonse unaseka, koma kuofesi ya komiti ya holo sinasekedwe. Lachitatu masana Chidendene anaitanidwa. A Tcheya anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, ndipo ankayankhula pang'onopang'ono ngati akulembetsa. Anatsekula buku la malamulo n'kuloza ndi chala.

"Ana khumi, wamkulu mmodzi. Werenga wekha, ndamva kuti umatha."

"Lamulo limeneli labwera liti, a Tcheya?"

"Lilipo kuyambira kale."

"Ndiye miyezi yonseyi linali kuti? Nalonso linagona kuseri kwa mipando?"

A Tcheya anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, pakamwa pako ndi pakuthwa kuposa singano zako. Tamvera. Loweruka ndibwera hafu pasiti thu. Ndikufuna akuluakulu anayi m'chipindamo, kupatula iweyo, pakuti kawerengedwe kako tinakaona. Akapezeka, kiyi ukhala naye. Akapanda kupezeka, undibwezera kiyi, chipindacho tipatse amayi olimbitsa thupi. Akhala akuchipempha kuyambira chaka chatha."

"Ndiye kuti mukulanga amene amabwera, osabwerawo mukuwasiya?"

"Sindikulanga munthu. Ndikuteteza ana."

Chomwe chinamuwawa kwambiri Chidendene potuluka n'chakuti madalawo sankanama.

Lachinayi anatseka msanga n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Dalaivala wa basi, bambo wa ana atatu a m'gululo, anati, "Ine ana amandiopa, ndingakuonongere ntchito." Namwino anati akadzapuma. Kunyumba ina bambo anati funsani mayi ake, mayi ake anati funsani bambo ake, onse awiri atakhala pa benchi imodzi. Wowotcherera zitsulo anazimitsa moto wake, n'kukweza chigalasi chakumaso, n'kumupatsa malangizo: "Mtsikana iwe, ntchito imeneyi yakukulira. Upeze okuthandiza." Onse anamuyamikira. Onse anamudalitsa. Anabwerera ndi madalitso odzaza dengu, koma dalitso silinaperekezepo mwana kuchimbudzi.

Lachisanu m'mawa anakhala pakatebulo kake, tsaya lili m'dzanja, akuyang'ana nsapato zomwe anali atamaliza, zodikira eni ake. Jombo za dalaivala. Zoyera za namwino. Zachikopa chokhuthala za wowotcherera. Za gogoda zagolide za mayi a kusaluni, zomwe anabweretsa sabata yatha mkangano usanabuke, akuti azivala ku ukwati wa mng'ono wawo. Anawerenga. Mwa nsapato zonsezo, za makolo a ana ake zinalipo za anthu khumi ndi mmodzi.

Anatenga thumba. Anayamba kuponyamo yakumanzere, yakumanzere, yakumanzere.

"Asisi, mukutani?" anafunsa wometa.

"Ndikuitanitsa msonkhano."

Wometa anayang'ana thumba, n'kuyang'ana mzere wa nsapato zakumanja zili zokhazokha ngati akazi amasiye.

"Akukwapulani ndi yotsalayo."

"Akwapule. Koma akandikwapulire kuholo."

Woyamba kubwera anali dalaivala. Analandira jombo imodzi, anaitembenuza, anayamikira kasokedwe, n'kutambasula dzanja linalo.

"Inayo?"

"Yatsogola, bambo. Mukaipeza kuholo mawa 2 koloko."

"Ukuti chiyani? Ndiye ine ndiyenda bwanji?"

"Mmene ndimayendera ine Loweruka lililonse. Ndi mwendo umodzi."

Dalaivala anatukwana pang'ono, anaopseza kuti sadzabweranso, ananyamuka jombo ili kukhwapa. Namwino anangopukusa mutu. Wowotcherera anaseka poyamba, poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anasiya kuseka. Mayi a kusaluni analandira gogoda wawo mmodzi, anamuyang'ana Chidendene kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kuyang'ana kumeneko kunamuopsa kuposa kutukwana kwa dalaivala.

Loweruka linacha ndi mantha. Akusenza thumba lija kupita kuholo, Chidendene anayamba kuona bwino zomwe anachita. Akhoza kutaya chipinda, n'kutayanso makasitomala khumi ndi mmodzi tsiku limodzi. Koma walira mvula walira matope. Anafika, anatsekula mawindo, anaika thumba pakona losamanga kukamwa. Ana anayamba kufika, nsapato zikundandalikana pakhoma. Anaziwerenga mwachizolowezi, kenako anadzigwira n'kuyamba kuwerenganso mitu, n'kulephera.

Itangokwana 2 koloko, anawaona akubwera pabwalo ali chigulu, atakumana panjira n'kukolezerana mkwiyo. Dalaivala patsogolo. Kumbuyo kwenikweni kunali wometa, amene nsapato yake sinalandidwe, manja ali m'thumba.

"Inu mwadzatani, achimwene?"

"Ndatseka. Ndewu yaulere siphonyedwa."

Dalaivala anakweza phazi kuti alowe, koma anakumana ndi mtengo wa chokolopera uli chopingasa pakhomo.

"Nsapato panja," anatero a Makiyi.

"Madala, ife sitikukhalitsa, tangodzatenga..."

"Polishi sadziwa zokhalitsa. Nsapato panja."

Anavula. Ndipo apa mpamene mkwiyo unayamba kuchepa mphamvu, chifukwa n'kovuta kukalipa uli m'masokosi. Sokosi wa dalaivala anali wobooka, chala chachikulu chili pamtunda ngati mutu wa kamba. Kamtsikana kena kanachiona, kanakodola mnzake, mnzakeyo anakodola wina, ndipo posakhalitsa ana makumi anayi anali akugubuduka ndi phwete. Ana ake enieni a dalaivala ndiwo ankaseka kwambiri. Dalaivala anayesa kubisa chalacho kuseri kwa phazi linalo, kenako anachigwedeza dala, ana n'kufa nako kuseka.

Chidendene anaima pakati kuti ayambe mawu omwe anakonza. Anali mawu abwino, okhala ndi mfundo zitatu. Asanatsekule pakamwa, wina anamukoka siketi.

"Anti, ndikufuna kukodza."

Kanali kamtsikana kakang'ono kwambiri m'gulumo, miyendo itapingasa kale. Ana ena atamva anayamba kuimirira, kugwirana malaya.

"Lero sitima kulibe," anatero Chidendene. Anayang'ana makolo aja. "Mundigwirire pang'ono."

Ananyamula kamwanako n'kutuluka. Anafika mochedwa, ngozi inali itachitika kale panjira. Panafunika madzi, panafunika kuchapa kabudula, kupukuta misozi, kulonjeza kuti palibe amene adziwe, kubwereka nsalu kwa akazi a a Makiyi. Zonsezi zinatenga mphindi khumi ndi zisanu, ndipo nthawi yonseyo Chidendene ankaganiza za thumba lomwe analisiya losamanga. Anadziwa kuti akapeza thumba lopanda kanthu, makolo atapita, ana akukwera mawindo.

Akuyandikira anamva hutala. Inali hutala ya pakamwa, ya munthu wamkulu.

Anasuzumira. Mipando inali itandandalikidwa iwiriiwiri, ana khumi ndi asanu atakhala mwaulemu, ndipo kutsogolo dalaivala atagwira chivundikiro cha ndowa ngati chiwongolero, jombo yake yakumanzere ili pambali.

"Wotsika pachipatala akonzeke. Mayi inu a nkhuku, nkhuku yanu ikujompha anthu. Gwirani zolimba, kutsogoloku kuli dzenje."

Ana onse anadumpha pamipando nthawi imodzi n'kukuwa.

Pakona, namwino anali atakhala pansi ndi kagulu kena, akuwerenga buku lopanda chikuto, ndipo atafika pomwe masamba anathothoka anangopitiriza za m'mutu mwake. Wowotcherera anali atagwada pabokosi la mabuku akuona chomwe chinavuta pachivundikiro, tianyamata tinayi tikumupatsa malangizo. Wometa, wodzaonerera ndewu uja, anali ndi mwana pabondo ili, wina pabondo ilo, wachitatu akumuluka ndevu. Awiri okha mwa makolowo ndiwo anatenga nsapato zawo n'kupita. Enawo ena anali atazitenga koma zili m'manja, ena sanafike n'komwe pathumbapo.

Mayi a kusaluni anali pang'oma. Anali atathetsa nkhondo yolimbirana ng'omayo ya miyezi isanu ndi itatu m'mphindi zisanu: oimba ng'oma onse pamzere, kuyambira wamfupi kumalizira wamtali, aliyense nyimbo imodzi. Katulo ndiye anali kuimba, maso ali otseka. Mayiwo atamuona Chidendene anabwera, thukuta lili kamukamu.

"Ndawawerenga katatu," anatero. "Koyamba 36. Kachiwiri 43. Kachitatu ndawerengera ndi wometa yemwe."

"Lero afatsa, mayi. Akuchita manyazi ndi alendo."

"Afatsa?" Mayiwo anayang'ana kamnyamata kena kakuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba. "Ndiye umawerenga nsapato."

"Eya. Nsapato sizisuntha. Koma tsiku lija zinandinamiza, ndipo ndinayenera kuyang'ana kuseri kwa mipando ndisanakhome. Pepani, mayi. Mwana wanu ndinamutsekeradi."

Mayiwo anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu.

"Sabata yonseyi akundivutitsa kuti ndikuuze udzamutsekerenso," anatero. Anayesa kulimbitsa nkhope, koma inakana. Onse awiri anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Koma gogoda wanga undipatse, iwe. Ukwati ndi mawa."

Hafu pasiti thu yeniyeni, a Tcheya anafika. Anavula nsapato okha osauzidwa, n'kuziika mowongoka pakhoma. Analowa, buku la malamulo lili kukhwapa, n'kuima kuti maso azolowere phokoso.

"Agogo!"

Tiana tiwiri, mapasa, tinadumpha m'basi ya dalaivala isanaime n'kukawakumbatira miyendo. Chidendene anadabwa. Mapasawo ankawadziwa bwino: nsapato zofiira zofanana, za mmodzi zodyeka kunja chifukwa ankaponda chammbali. Ankabwera ndi mtsikana wantchito n'kudzatengedwa ndi mtsikana wantchito. Za agogo awo nsapato sizinamuuzepo.

A Tcheya anatsokomola, anasisita timitu tiwirito mofulumira, n'kuyamba kuwerenga akuluakulu ndi chala.

"Khumi," anatero. "Kupatula iwe."

Ana ena omwe ankadziwa nkhaniyo anayamba kuwomba m'manja. A Tcheya anakweza dzanja, ndipo dzanja la mphunzitsi wamkulu silipuma ntchito: chipinda chonse chinati zii.

"Za nsapato ndamva. Dera lonse lamva. Anthu awa sanabwerere ana, mwanawe, abwerera nsapato zawo. Sabata yamawa ulanda chiyani? Malaya?"

Chidendene anatsekula pakamwa. Yankho linafika palilime lili lamoto, koma analimeza, chifukwa kachiwirinso madalawo sankanama. Anapita pakona, anatenga thumba, n'kuyamba kuyenda kwa mmodzimmodzi. Sanafunse kuti iyi ndi ya ndani. Yoyera kwa namwino. Yagolide kwa mayi a kusaluni. Yokhuthala kwa wowotcherera. Thumba litatha analikutumula kuti onse aone.

"Nsapato zanu ndi zimenezo. Ndinazigwira popanda chilolezo chanu, sindidzachitanso. Amene akufuna kupita, khomo ndi ilo, palibe mangawa. Ine ndimangofuna mulowe kamodzi kokha muone."

Palibe anasuntha. Mwina chifukwa dalaivala anali ndi mwana pakhosi.

"Chabwino," anatero a Tcheya. "Tichite chonchi. Pabolodipo palembedwe anthu anayi a Loweruka likubwerali, olemba okha ndi dzanja lawo. Loweruka limenelo adzalembenso anayi a sabata inayo, kumangotero. Anayi akakwana lero, kiyi ndi wako. Akapanda kukwana, undipatsa pompano."

Chidendene anatola choko n'kulemba manambala anayi motsika. Nambala 4 inatuluka yopendama. Anatembenuka, choko chili m'mwamba.

Akuluakulu anayamba kuyang'ana nsapato zomwe zinali m'manja mwawo ngati akuziona koyamba.

"Bweretsa kuno," anatero mayi a kusaluni. "Makasitomala a 2 koloko adzabwere 4. Tsitsi silithawa." Analemba pa nambala yoyamba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kutembenukira kwa dalaivala. "Bambo inu, basi yanu ija mwaisiya panjira. Anthu sanafike kuchipatala."

"Ine ana amandiopa," anatero dalaivala, mwana wa pakhosi uja akumukoka makutu. Chipinda chonse chinaseka. Anapita pabolodi chala chili panja, n'kulemba.

Namwino anati Loweruka likubweralo ali pantchito, ndipo zinali zoona, koma anapempha kuti amusungire malo sabata inayo. Wowotcherera anati bokosilo alitenga akalikonze, koma za kubwera aona kaye. Ena anang'ung'udza za maliro, za alendo, za msana.

Chidendene anayang'ana wometa.

"Ine ndilibe mwana muno, asisi."

"Nanga ine ndili naye?"

Wometa anakanda ndevu zake zolukidwa mbali imodzi, anatsitsa ana pamaondo, n'kukalemba pa nambala yachitatu, choko n'kubwezera Chidendene. "Loweruka ndi tsiku la mitu yambiri," anadandaula. "Mudzandilipira ndi nyimbo."

Nambala yachinayi inatsala yokha. Chidendene anayang'ana nkhope imodziimodzi, nkhope iliyonse n'kupeza poyang'ana pena. Ana onse maso anali pabolodi. Ngakhale wamng'ono kwambiri ankadziwa kuwerenga mpaka folo.

A Tcheya anayang'ana wotchi. Anayang'ana bolodi.

"Atatu," anatero, ndipo mawu awo sanali okondwa. Anatambasula dzanja. "Lamulo ndi lamulo, mwanawe."

Kiyi anali m'thumba la siketi, Chidendene ankamumva akumukanda pantchafu. Anayenda mpaka pamene a Tcheya anaima, mapasa akadali kakaka pamiyendo yawo. Anayang'ana chikhatho chotambasulacho. Anaikamo choko.

Wometa anatulutsa kamawu ngati wapsa ndi tiyi. Mayi a kusaluni anagwira pakamwa. Katulo, amene sankadziwa chomwe chikuchitika koma anamva kuti pakufunika ng'oma, anayamba kuiguguda pang'onopang'ono.

"A Tcheya, mwati akuluakulu anayi kupatula ine. Simunati kupatula inu. Munaphunzitsa ana zaka zambiri kuposa zomwe ine ndakhala ndi moyo, dzanja lanu lokha latontholetsa chipinda chomwe ine ndimasasa nacho mawu. Ntchito munapuma. Saluni mulibe, basi mulibe, odwala sakukudikirani. Mwa ana makumi anayiwa, awiri ndi awo akukugwirani mathalauziwo."

"Agogo, lembani," anatero mmodzi wa mapasa. "Mudzakhala wakuba, ife apolisi."

Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira. Ndevu za a Tcheya zinagwedezeka, ndipo anayesetsa kuti zisaoneke. Anayang'ana choko m'dzanja lawo, chala chachikulu chitayamba kale kuchisisita monga chinazolowera.

Chidendene sanaseke. Anaima pomwepo, wopanda nsapato, pa polishi wa a Makiyi.

"Ndiye tiuzeni, bambo, ana onsewa akumva. Loweruka likubwerali 2 koloko, inuyo mudzakhala muli kuti? Yankhani."